Felesiya, Usadzole Kokonati Padzuwa

Mtiya, Zomba
Lachinayi masana

Felesiya mwanangu,

Wangotuluka kumene kupita ku Matawale kukatsanzikana ndi anzako, ndipo pakhomo pano pangoti zii. Abambo ako ali kuseri, akukhomakhoma chogwirira cha sutikesi yako chomwe sichinathyoke n'komwe. Ine ndakhala pakhonde, ndang'amba mapepala apakati m'kope lako lakale la masamu. Pambali panga pali botolo la mafuta a kokonati amene ndaphika m'mawa uno, akadali ofunda. Ndaphikira iweyo. Koma chithirireni mafutawa, botololi ndaliika mu sutikesi kawiri, ndalitulutsanso kawiri, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati ndikukuthandiza kapena ndikubwereza zakale. Ndiye ndati ndilembe, mwina polemba mutu ukhazikika.

Mawa ukupita ku Nsanje kukayamba uphunzitsi. Ine ku Nsanje sindinafikeko. Ndinangofikapo ku Chikwawa kamodzi ku maliro, mwezi wa Okutobala ngati uno, ndipo ndinabwerako mutu ukuwawa masiku atatu. Ife a ku Zomba timati kwatentha tikangovula juzi. Kuchigwa kuja ngakhale anthu a khungu lakuda ngati ine amadandaula, nanga iwe wobadwa wachialubino kukakhala bwanji? Funso limeneli ndalitembenuza m'mutu chilandirireni kalata yako ya ntchito, yankho silikubwera.

Mayi polangiza mwana amayenera kulankhula molimba mtima, chakuti chita, chakuti usachite. Ine sindingathe. Pa nkhani ya khungu lako ndalakwitsa kambiri kuposa pamene ndakhoza, ndipo zambiri zomwe ndikudziwa lero unandiphunzitsa ndiwe. Choncho ndingokuuza pamene ndinapunthwa, iwe usankhepo wekha zotola.

Ndiyambe ndi zomwe sunamvepo. Ndili mtsikana, ndisanakwatiwe ndi abambo ako, ndinkadzola mafuta oyeretsa khungu. Ndinkawagula kwa mayi wina mumsika wa Zomba, amene ankawabisa pansi pa benchi la sopo. Nkhope inayera ndithu, koma zala ndi makutu zinakana, ndinali ngati anthu awiri m'thupi limodzi. Ndinasiya nditatenga pakati pako chifukwa fungo lake linkandichititsa nseru. Utabadwa woyera mbee, tsitsi ngati ndevu za chimanga, kunabwera mayi wina woyandikana nafe kudzaona mwana. Anavundukula nsalu, nakuyang'ana, kenako n'kundiyang'ana ine.

"Si mafuta anu aja amenewa? Analowa m'mimba," anatero motsitsa mawu, ngati akundichitira chifundo.

Ndinakhulupirira, Felesiya. Zaka zinayi zathunthu ndinkakuyang'ana n'kumati ndinakupanga ndine ndi kufuna kukongola kwanga. Sindinauze munthu, ngakhale abambo ako. Pambuyo pake namwino wina anandifotokozera kuti zimenezi zimakhala m'magazi a bambo ndi a mayi omwe, mafuta alibe nazo gawo, ndipo abambo ako anakumbukira kuti kwawo, kutsidya kwa malire, kunali amalume awo ena otere. Mutu unamva, koma mtima umachedwa kumva. Mpaka lero ndikadutsa pa benchi ija ndimayang'ana kumbali. Ku Nsanje nako anthu akakupatsa zifukwa zawo za mmene unabadwira, ena mwachipongwe, ena mwachifundo ngati mayi uja. Achifundowo ndi amene uziwasamala, chifukwa mawu awo amalowa osagogoda. Usasenze katundu amene ine ndinasenza pachabe.

Tsopano za mafuta a kokonati. Anabwera nawo m'banja mwathu ndi azakhali anga a Rozaliya, alongo awo a bambo anga, amene ankakhala ku Mozambiki cha ku Kelimane. Iwe sungawakumbuke. Atamva kuti ndabereka mwana wotere, anayenda ulendo wonsewo ndi thumba la makokonati pamutu. Anali munthu woyamba kukunyamula osachita mantha, anakupsompsona mpaka m'mapazi. Anandiphunzitsa kuswa kokonati, kupala choyera cham'kati, kuthiramo madzi ofunda, kufinyira m'nsalu yoyera mpaka kutuluke mkaka, kenako kuwiritsa pamoto wochepa mpaka mafuta ayandame pamwamba.

"Kwathu asodzi amaswera padzuwa tsiku lonse, koma khungu lawo siling'aluka chifukwa cha mafuta awa," anandiuza. "Uzimudzoza m'mawa uliwonse. Khungu likhwima, mwinanso lidera pang'ono."

Mawu akuti lidera pang'ono ndi amene ndinawagwiritsa. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi zoona. Ndinkakudzoza m'mawa uliwonse n'kumayang'ana m'khosi mwako ngati mwayamba kusintha.

Uli ndi zaka zitatu ndinayamba kugulitsa masitiroberi kuphiri, m'mbali mwa msewu wokwera uja, pamene magalimoto a alendo amaima. Tsiku lina la Okutobala ndinasowa wokusiyira, ndinakutenga. Ndinakudzoza mafuta ambiri kuposa masiku onse, kumaso, m'manja, m'miyendo, pamsana, mpaka unkanyezimira. Ndinkati ndakuveka chishango. Kuphiri kunali kamphepo kozizira bwino, iwe unkasewera pa udzu ndi kadiresi kopanda manja, osalira n'komwe. Kuzizira kumene kuja n'kumene kunandinamiza. Ndinkaganiza kuti dzuwa limawotcha pokhapokha munthu akumva kutentha. Pofika nthawi yotsika unali utafiira ngati masitiroberi omwewo. M'mawa mwake mapewa ndi msana zinali matuza okhaokha, sunkalola ngakhale kuti nsalu ikukhudze.

Kuchipatala namwino anandifunsa chomwe ndinakudzoza. Ndinayankha monyadira, ndikuganiza kuti andiyamikira. Iye anangondifunsanso:

"Amayi, nsomba mukafuna kuti ipse bwino mumaiika m'chiyani?"

"M'mafuta," ndinatero.

"Nanga mwanayu mwamutani?"

Anandipatsa losheni yoteteza ku dzuwa, n'kundiuza za chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali. Zipsera ziwiri zili paphewa lako lamanzere zija, zomwe ndinkakuuza kuti unagwa pa mbaula, zinachokera tsiku limenelo. Sunagwe pa mbaula iliyonse. Ndiye langizo loyamba, lomwe ndikulidziwa popanda kukayika, ndi ili: usadzole mafuta a kokonati ukamatuluka padzuwa. Saletsa dzuwa. Kukhale mphepo, kukhale mitambo, usanamizidwe ngati ine.

Koma azakhali aja ananama? Apa ndi pamene mutu wanga umazungulira. Munthu anayenda mtunda wonse uja chifukwa chokukonda, ndipo asodzi akwawo ankadzoladi. Iwo anamwalira osadziwa zomwe zinachitika kuphiri, sindinawauze. Nthawi zina ndimawakwiyira, nthawi zina ndimawasowa mpaka misozi. Chomwe ndinatolapo n'chakuti munthu akhoza kukukonda ndi mtima wonse n'kukupatsa langizo lokupweteka. Zikatero sindikudziwa kuti umatani naye munthuyo. Mwina umangomukondabe, langizolo n'kulisiya.

Cholakwa chachiwiri chinabadwa kuchokera m'choyambacho. Nditachoka kuchipatala ndinakhuthulira mafuta onse kudzala, ndinalumbira kuti kokonati sadzalowanso m'nyumba mwanga. Ndipo ndinakutsekera. Anzako akusewera panja iwe unkayang'anira pawindo. Nthawi yoyamba sukulu itakwana ndinakana, ndinati chaka chamawa. Abambo ako anayesa kulankhula, ndinawauza kuti mwana akapsa amene amagona naye kuchipatala ndine. Chaka chimenecho khungu lako linauma ngati khungwa la bulugama. Zigongono zinatuwa, zidendene zinachita ming'alu, milomo inkatuluka magazi ukaseka. Ndinkakusambitsa ndi sopo wochapira zovala, osakudzoza kanthu kupatula losheni ija, yomwe ndinkaisunga ngati mankhwala a m'maso.

Nthawi imeneyo ndinkachapa zovala kunyumba kwa amwenye ena a golosale m'tauni. Mayi wa pakhomopo, amayi Zubeda, anali munthu wosalankhulalankhula. Tsiku lina ndinakutenga chifukwa unali ndi chifuwa, ndinakukhazika pakona pa khitchini nditakufunditsa chitenje. Iwo anabwera, anagwira dzanja lako, n'kulitembenuza.

"Amake Felesiya, mwanayu simumudzoza?"

Ndinawafotokozera za kuphiri. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kabotolo. Nditamva fungo ndinabwerera m'mbuyo.

"Amenewo ndiye ayi, amayi. Ndi omwewo anandiwotchera mwana."

"Sanawotche ndi mafuta, linawotcha ndi dzuwa," anatero. "Ife kwathu timadzola kuyambira ana mpaka agogo. Koma madzulo, munthu akasamba, thupi lisanaumitsitse. Pang'ono pokha, padzanja. M'mawa losheni ya adokotala, madzulo awa."

"Ndiye mafutawa ndi abwino kapena oipa?"

"Funsani kuti ndi nthawi yanji," anayankha, n'kubwerera ku mapoto awo.

Ndinayenda ndi kabotoloko sabata yathunthu osakatsegula. Azakhali anati dzoza, namwino anati wamukazinga, amayi Zubeda akuti dzoza koma madzulo. Anthu atatu, onse ondifunira zabwino, mafuta amodzimodzi. Potsiriza ndinayesa pachidendene chimodzi chokha, ndipo m'mawa ndinadzuka n'kuthamangira kukaona ngati chatupa. Patatha masabata awiri ming'alu inatsekeka. Ndinabwerera kwa namwino uja mwamantha kukaulula, iye anangoti zili bwino bola asamatuluke nawo padzuwa. Ndiwonso amayi Zubeda amene anandifunsa tsiku lina kuti mwana wamkulu chonchi bwanji sali pasukulu, ndipo ndinasowa poyang'ana. Unayamba Sitandade 1 mochedwa ndi chaka chifukwa cha ine. Ukadzaona mwana wamkulu m'kalasi mwako amene wachedwa kuyamba, usafulumire kunena kuti makolo ake ndi osasamala. Mwina ndi amantha chabe.

Choncho madzulo ukasamba, dzola pang'ono m'zigongono, m'maondo, m'zidendene ndi kutsitsi. Kumaso unandiuza wekha kuti amakutulutsa ziphuphu, ndiye kumeneko usiye. Ku Nsanje mafutawa sadzagwirana ngati mmene amachitira kuno mu Juni, azikhala amadzimadzi nthawi zonse, uzitseka botolo mwamphamvu. Fungo likasintha, likayamba kununkha moipa, utaye. Ndipo m'mawa ayi. Ndikudziwa ndanena kale, ndinenanso.

Chachitatu ndi chomwe chandivuta kulemba, ndazungulira bwalo kawiri ndisanagwirenso cholembera. Ukukumbuka tsiku la masewera uli Fomu 2, pamene unabwera khosi ndi manja zitapsa? Abambo ako anakukalipira kwambiri tsiku limenelo, anati wakula koma sukumva, wapita kusukulu osadzola losheni. Iwe unkalira n'kumati, "Ndinadzola, ababa, ndinadzola kawiri." Iwo anati ukunama. Ine ndinali chiimire pakhomo la khitchini, ndinangokhala chete.

Unadzoladi, mwanangu. Mwezi umenewo losheni inali itatha kuchipatala, anatiuza kuti tidikire. M'botolo mwako munatsala pang'ono pansi. Ndinaganiza kuti ndikathiramo mafuta a kokonati n'kukhutchumula, ichuluka n'kutifikitsa kumapeto kwa mwezi, monga timachitira ndi ndiwo alendo akabwera mwadzidzidzi. Ndinkati mphamvu ya losheniyo ilowerera m'mafutamo. Sindinakuuze chifukwa ndinkadziwa kuti ukana. Tangoganiza, munthu yemwe uja wa nsomba ya m'mafuta, patapita zaka khumi ndi ziwiri, kubwerezanso zomwezo mwanjira ina. Mpaka lero sindimvetsa kuti nzeru zanga zinapita kuti tsiku limenelo.

Kupsa kuja kunapola. Chomwe sichinapole ndi chakuti kuyambira tsiku limenelo unasiya kuwauza zinthu abambo ako. Unkangoti "chabwino, ababa," basi. Iwo amaganiza kuti ndi kukula kwa atsikana. Ine ndikudziwa pamene zinayambira, ndipo ndakhala nazo zaka zisanu ndi zitatu. Ndiwauza lero lomwe iwe usanabwere, akangomaliza ndi sutikesiyo. Sindikudziwa kuti anena chiyani. Iwe ndikupempha undikhululukire, osati chifukwa cha mafutawo okha, koma chifukwa chokusiya utchedwe wabodza ine ndili pomwepo. Ngati sungathe lero, ndidikira.

Langizo lake ndi lapafupi: losheni usaisakanize ndi chilichonse. Ukafika ku Nsanje, sabata yoyamba yomweyo, kafunse kuchipatala tsiku lomwe amapereka, ukalembetse dzina. Usadikire kuti botolo lifike pansi. Ikatha osapeza ina, bola kuvala malaya a manja aatali, chipewa ndi ambulera n'kukhala pamthunzi, kusiyana n'kudzinamiza. Ndipo ukalakwitsa chinthu, mwana wina n'kumakalipiridwa m'malo mwako, lankhula nthawi yomweyo. Ukachedwa tsiku limodzi, lachiwiri pakamwa pamalemera.

Chachinayi sindikudziwa ngati ndichitche cholakwa, undiuze ndiwe. Zaka zija wailesi inkangonena za anthu achialubino obedwa ndi kuphedwa, m'nyumba muno munalibe mtendere. Abambo ako anasiya ntchito za ukalipentala zakutali kuti azikuperekeza kusukulu ndi kukakutenga. Ine ndinayamba kudana ndi chipewa chako chachikulu chija. Ndinkaona ngati chikulengeza, munthu ali kutali adziwe kuti apo pakubwera mwana wachialubino. Ndinachibisa pansi pa matiresi, ndinakupatsa kaduku. Ndinakuuzanso kuti uzibwerera masana dzuwa lili pamutu, pamene msewu uli ndi anthu ambiri, osadikira kuti kuzizire. Unapirira masiku anayi. Lachisanu unakweza matiresi, n'kutenga chipewa chako, n'kuima pamaso panga.

"Amayi, anthu oipawo mwina ndidzakumana nawo, mwina ayi. Koma dzuwa ndikumana nalo lero."

Unali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinakulola, koma tsiku lonse ndinali pamsewu kuyang'ana. Mpaka lero sindikudziwa choyenera kuopa kwambiri. Ndikati ndikuuze kuti uziyenda m'mamawa kwambiri dzuwa lisanakwere, ndikuopa njira yopanda anthu. Ndikati uziyenda pali anthu, ndiye dzuwa lakwera. Abambo ako akuti upeze nyumba pafupi ndi sukulu, ya chitseko cholimba, ndipo udziwane msanga ndi aphunzitsi anzako achizimayi, muziyenda awiriawiri. Ndikuganiza kuti akunena zoona. Ukapite kutchalitchi Lamulungu loyamba kuti anthu akudziwe dzina, chifukwa munthu wodziwika dzina amafunsidwa akasowa. Foni izikhala ndi moto. Wina akakuitana kuti kuli mwayi wa ntchito kapena thandizo kwinakwake, usapite wekha ngakhale atavala taye. Ndipo chipewa uzivala. Pamenepo unapambana ndiwe, sindikutsutsanso.

Ndamva kuti masukulu ena ku Nsanje amaphunzirira pansi pa mtengo. Ukawauze ahedi tsiku loyamba kuti iwe ukufunika kalasi ya denga, ndipo pa asembule uziima pamthunzi. Usachite manyazi, usati ndine watsopano ndingaoneke wovuta. Ine manyazi amenewo ndi amene anandiletsa kufunsa mafunso kuchipatala uli wakhanda, ndinkangoti inde, inde, n'kutuluka osamva kanthu. Uzimwa madzi ambiri. Losheni uzibwereza masana, thukuta limachotsa, usaiwale makutu ndi kumbuyo kwa khosi. Zimenezi ukuzidziwa kuposa ine, koma ndilole ndinene, ndi ntchito yokhayo yanditsalira.

Kunena zoona, Felesiya, pali masiku amene ndinkafuna kupita ndekha ku maofesi a zamaphunziro kukapempha kuti akusinthire malo, akuike kuno kufupi. Ndinafika mpaka pageti tsiku lina, ndinabwerera. Ndinakumbuka iwe, mwana uja wa pawindo. Unandiuza kuti unavomera dala, chifukwa kumeneko kuli ana achialubino amene sanaonepo munthu wonga iwo ataima kutsogolo kwa kalasi ndi choko m'manja. Ndikamakumbukira mawu amenewo ndimanyada mpaka chifuwa kutupa, pakangopita mphindi zochepa ndimafuna kubisa nsapato zako. Zonse ziwiri ndi ine yemwe. Kaya amayi ena zimawathera bwanji.

Botolo lija ndaganiza, ndiliika. Ndalimata kapepala, ndalembapo kuti MADZULO OKHA ndi zilembo zazikulu. Udzaseka, chifukwa iwe sungasokoneze. Mwina ndalembera ndekha.

Pali chinthu chimodzi chatsala, ndipo ndikuona tsopano kuti masamba onsewa ndakhala ndikuchizemba. Dzulo pamene ndinkakuluka tsitsi, ndinaona kachilonda kuseri kwa khutu lako lamanja. Kakang'ono, ngati njere ya mapira, kouma m'mbali, kofiira pakati. Nditakagunda ndi chipeso unagwedeza mutu, n'kunena msanga kuti, "Ndi udzudzu, amayi." Ndinakaonanso mwezi wa Ogasiti, tsiku lomwe unkachapa tsitsi pabwalo, pamalo omwewo. Udzudzu sumaluma malo amodzi miyezi iwiri. Ndaonanso kuti masiku ano duku ukumalimangira chotsitsa mbali imeneyo.

Ukudziwa chomwe ndinachita dzulo? Ndinaviika chala m'mafuta a kokonati, ndinapakapo, n'kupitiriza kuluka. Sindinanene kanthu. Ndinkaopa kuti ndikalankhula uganiza kuti ndikufuna chifukwa chokuletsera ulendo, ndipo mwina kumbali ina unali kunena zoona. Ndinkaopanso yankho lake. Ndiye ndinachita zomwe manja anga anazolowera, kupaka mafuta pa chinthu chomwe sindikuchimvetsa.

Unali wamng'ono, koma mwina ukuwakumbuka a Namaona, bambo wachialubino amene ankasoka nsapato pakhomo la msika. Ankakupatsa masiwiti, ankakutcha mphwawo. Anali ndi kachilonda m'khosi komwe ankakaphimba ndi mpango. Tsiku lina ndinawafunsa, anaseka, anati ndi kolala ya malaya ikuwakhula. Ndinawapatsa kabotolo ka mafuta anga, anathokoza kwambiri, ndipo mwezi uliwonse ndinkawawonjezera. Pamene ankapita kuchipatala chilonda chinali chitakula ngati chikhatho. Anati ndi khansa ya pakhungu, ndipo adokotala anawauza kuti akanabwera kakadali kakang'ono akanangokachotsa tsiku limodzi n'kubwerera ku nsapato zawo. Pamaliro awo ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Sindinganene kuti ndinawapha, koma kabotolo kanga kanawathandiza kudikira.

Kachilonda kako mwina si kanthu. Mwina ndi chipewa chikukukhula, mwina ndi mpini wa magalasi. Ine sindikudziwa, ndipo nthawi ino ndikuvomera kuti sindikudziwa, sindipakanso chilichonse. Iwenso sukudziwa, ngakhale uli ndi satifiketi. Ndikuganiza kuti wakhala chete chifukwa ukuopa kuti ntchito ingakudutse, ndiponso kuti ine ndingayambe kulira n'kubisa nsapato. Sindibisa. Ku Nsanje upita. Koma chilonda chosapola amachiona ndi adokotala, ndipo amachiona chikadali chaching'ono.

Maganizo anga anali oti kalatayi ndiilowetse pakati pa zovala, ukaipeze uli kale kumeneko, kuti tisayang'anane m'maso. Ndaona kuti kumeneko kukhala kukhala chete kwina. Ndikupatsa pamanja ukangolowa pageti, uwerenge ine ndili pompano. Ukakwiya, ukwiye ndili pafupi.

Mawa Lachisanu kuchipatala amaona anthu a mavuto a pakhungu. Tidzuke m'mamawa, tikakhale oyamba pamzere, abambo ako atsale panja ndi sutikesi. Akakati si kanthu, tikuperekeza kudepoti, ukwere minibasi ya ku Blantyre ya masana, ukagone kwa achemwali anga ku Limbe, Loweruka utsike kuchigwa. Akakati kachotsedwe, tiimbira ahedi ako limodzi, tiwauze kuti mphunzitsi wawo afika mochedwa ndi masiku ochepa. Ana achialubino aja adikira zaka zonsezi, sabata imodzi siwapweteka. Ine ndikufuna akakhale nawe mpaka udzapume pantchito tsitsi litachita imvi, ngati imvi zimaoneka n'komwe pamutu ngati wakowo.

Kuseri kwasiya kumveka hamala. Ndikupita kukalankhula ndi abambo ako.

Ndine amayi ako,
amene akuphunzirabe kukulera.